Alamu Anafunditsa Eyakoni

Ntchito yanga ndi yophika makeke. Ndimaphikira pakhomo, m'kachipinda kamene kale tinkasungiramo katundu, ndipo mdani wanga wamkulu ndi kutentha. Kirimu wa pakeke sapirira. Ukangomaliza kukongoletsa, maluwa onse aja amayamba kugwa nkhope, pofika kuphwando keke ili ngati yalira usiku wonse. N'chifukwa chake tinagula eyakoni, makina oziziritsa mpweya aja. Mbali yake ina, yoyera, inakhomedwa pakhoma mkati, pamwamba penipeni pa tebulo langa logwirira ntchito. Ina ndi chibokosi chokhala ndi fani chimene chimakhala panja, ndipo ziwirizi zimalumikizana ndi timapaipi todutsa pabowo la m'khoma.

Chibokosicho anachikhazika pansi kuseri kwa nyumba, m'kanjira kopapatiza pakati pa khoma lathu ndi mpanda wa aneba. Madzi onse a padenga amadutsa m'kanjira kameneko, ndipo m'menemonso muli chivundikiro cha simenti cha paipi ya suweji. Dzinja lathali madzi anafika m'miyendo mwa chibokosicho, nthambi ya mtengo wa aneba n'kugwera pamwamba pake. Ndiye mitambo itayamba kusonkhana chaka chino, ndinauza amuna anga kuti tiitane wowotcherera zitsulo, achikweze pakhoma n'kuchiikira kadenga ka malata.

“Mwanena zoona amake mwana,” anatero iwo. “Ndimuitana Loweruka.”

Cholakwika chinali chakuti tinakambira nkhaniyi patebulo, alamu anga ali pomwepo. Alamuwa ndi akulu awo a amuna anga. Anabwera kwathu kuti adzakhale masabata ochepa akufunafuna ntchito, koma pofika nthawiyi tawulo lawo linali litapeza kale msomali wakewake kubafa, ndipo mwana wathu akabwera kuholide ankagona pabalaza. Anthu amawatcha a Injiniya, dzina limene anadzipatsa okha atagwirapo ntchito pagalaja ina. Amuna anga anandinong'oneza tsiku lina kuti ntchito yake inali yotsegula geti.

“Wowotcherera wa chiyani ine ndilipo?” anatero a Injiniya, akutokosa m'mano ndi foloko yanga. “Makina ali ngati munthu, mlamu. Mvula ikamabwera umamufunditsa. Basi.”

“Amene anatigulitsa anati chibokosicho sichiopa kunyowa,” ndinatero. “Chimaopa kumira ndi kugweredwa ndi zinthu. Anati tisamachikute, chimafuna mpweya.”

“Wogulitsa amafuna chiwonongeke mukagule china. Inu dziwani za mazira ndi shuga, zamagetsi mutisiyire ife.”

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anayang'ana m'mbale. Kwawo mkulu satsutsidwa, ngakhale atanena kuti mbuzi imaikira mazira.

M'mawa mwake ntchito inayamba. A Injiniya anatenga kapeti yakale imene tinaichotsa pabalaza chifukwa cha nthata, n'kukulunga chibokosi chonse. Pamwamba anaika chidutswa cha matiresi, ati choteteza ku matalala. Kenako lona wabuluu, kenako waya wa zovala zanga, kumanga ngati katundu wa pa lole. Kutsogolo kwa fani anaboola kabowo ndi mpeni wanga wodulira keke kuti makina azipumira. Pomaliza anazunguliza njerwa ndi matumba a mchenga kuchokera kukhoma mpaka kumpanda.

“Nanga madzi a padenga adzadutsa pati?” ndinafunsa.

“Madzi ali ndi nzeru, adzapeza njira. Ndipo kuno musamabwereko, mlamu, mungagwidwe ndi magetsi.”

Kuyambira tsiku limenelo eyakoni inayamba kubuula ngati ng'ombe yodwala, ndipo mpweya wake unali wofunda ngati wa m'kamwa. Nditadandaula, a Injiniya anati makina akuzolowera chovala. Masana aliwonse ankatenga kampando n'kupita kuseri kuja, ati kukayendera ntchito, n'kukhalako mpaka dzuwa kupendeka. Ine zinandikomera, chifukwa pabalaza pankapumako fungo la mapazi awo. Ndinangodabwa kuti mufiriji zinthu zayamba kumera miyendo. Ntchafu ya nkhuku yotsala, mazira owiritsa, mpaka mbale yanga yosakanizira kirimu inasowa ndi supuni yake yomwe.

Mkuntho unabwera Lachiwiri masana. Kunada ngati kwatsekedwa chitseko, mphepo n'kuyamba kukweza mapepala ndi mabeseni a anthu m'mwamba. Mvula yake inali yothira ndi ndowa. Ndinaima pakawindo ka chipinda changa chophikira, kamene kamayang'ana m'kanjira kaja, ndipo ndinaona zimene ndinkayembekezera. Madzi a padenga anafika pa njerwa za a Injiniya n'kuima. Anakwera, anakwera, mpaka analumpha njerwazo n'kulowa mkati, ndipo njerwa zomwezo zinawasunga bwinobwino kuti asatuluke.

“Alamu! Chibokosi chikumira!”

Anatuluka atavala kabudula ndi jekete la amuna anga, m'manja muli chitsulo chogumulira. Ndinaganiza kuti akukagumula njerwa. Ayi ndithu. Analunjika pa chivundikiro cha suweji, n'kuchikanula, n'kuchigubuduzira pambali. Madzi anayamba kuzungulira n'kumalowa m'dzenjemo, iwo n'kutembenukira kuwindo, kundikwezera chala chachikulu uku akumwetulira.

Kumwetulirako sikunakhalitse. Dzenje linachita ngati likugeya, kenako linabweza. Linabweza zathu, za aneba, za msewu wonse. Madzi a m'kanjira anasanduka akuda bii, pamwamba pakuyandama mapepala ndi zinthu zimene pakamwa podyera sipayenera kutchula. Zonsezo zinazungulira chibokosi, kapeti n'kumamwa ngati buledi woviika mu tiyi. A Injiniya anaima momwemo, zikuwafika m'mawondo, akukankha ndi phazi.

Atalowa m'nyumba anadzera kukhitchini. Ndinawapeza atakweza phazi pa sinki, akupukuta pakati pa zala ndi kansalu kanga kopukutira mbale.

“Alamu, kansaluko!”

“Ndikachapa, musadandaule. Koma mwaona? Pakadapanda lona uja, bwenzi makina anu atapita.”

Kansaluko ndinakanyamula ndi kamtengo n'kukataya. Madzulo amenewo sindinadye. Amuna anga atabwera ndinawafotokozera zonse, ndipo anati alankhula ndi achimwene awo modekha. Kulankhula kwake kunathera poti a Injiniya anabwezera chivundikiro, anasesa m'kanjira, n'kuthiramo ndowa zingapo za madzi. Za kapeti anati iuma yokha, kuimasula pano n'kuputa mvula ina.

Dzuwa linatuluka, lamphamvu, masiku otsatizana. Fungo linayamba ngati mphekesera. Ukalowa m'chipinda chophikira umangomva kuti pali china chake, koma osachigwira. Ndinatulutsa zonse za mufiriji, ndinakolopa ndi mankhwala, ndinanunkhiza thumba la ufa, botolo la mafuta, ngakhale m'khwapa mwanga momwe. Tsiku lotsatira silinalinso mphekesera. Linali fungo lolemera, lotsekemera moipa, lokakamira kukhosi, ndipo linkakula ndikayatsa eyakoni.

“Muli chinthu chakufa m'makinamu,” ndinauza amuna anga.

Iwo anakweza mphuno, n'kuyang'ana achimwene awo. “Mwina ndi za mvula zija, zitha.”

“Ndi mazira,” anatero a Injiniya. “Mlamu amagula mazira otchipa. Ine ndinamva kalekale, ndimangoopa kunena.” Anapita kuchipinda kwawo, n'kubwera ndi perefyumu wawo wa m'chitini, n'kupopera m'makinamo. Kuyambira pamenepo m'chipindamo munkanunkha ngati maliro a munthu wolemera.

Kuzimitsa eyakoni sindikanatha, chifukwa sabata imeneyo ndinali ndi keke ya ukwati, yosanjikiza, yoyera yokhayokha, yamaluwa a kirimu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Lachisanu m'mawa ndinaimaliza. Ndinatsegula chitseko kuti mpweya uzilowa, ndinawiritsa makoko a mandimu pa mbaula, ndipo ndinadzinamiza kuti fungo lachepa.

Amayi a mkwatibwi anabwera kudzaiona chakumasana. Ndi nesi wamkulu pachipatala china, mayi wa nsapato zoyera, amene amapukuta mpando asanakhale. Atangolowa mphuno yawo inagwedezeka, koma poti ndi munthu waulemu, anangolunjika pa keke. Anazungulira tebulo pang'onopang'ono, manja kumbuyo.

“Mwaigwira ntchito, mayi. Maluwawa ngati enieni.” Anaweramira pafupi, n'kukweza magalasi. “Koma mpungawu sitinagwirizane. Mwauika wa chiyani?”

“Mpunga uti?”

“Uwu pamwambapa.” Anayang'anitsitsa. “Mayi, mpunga wanu ukuyenda.”

Ndinayandikira. Pa duwa la pamwamba penipeni panali mphutsi yonenepa, yoyera, ikudzipinda n'kudzitambasula. Pambali pake panali ina, itamira kale theka mu kirimu. Tili chiyang'anire, ina inagwa kuchokera m'kamwa mwa eyakoni, n'kutera pakeke kuti tapu. Kenako zina ziwiri pamodzi. Tinakweza maso tonse, ndipo m'timipata ta eyakoni totulukira mpweya munali mutadzaza mphutsi zikuyendayenda, mzere wonse, zikudikira nthawi yawo.

Mayi aja anabwerera m'mbuyo, anatulutsa kabotolo ka mankhwala m'chikwama, anapaka m'manja mpaka m'zigongono ngakhale sanagwire kanthu.

“Ine ndaona zambiri kuntchito,” anatero motsitsa mawu, “koma sizinali pa chakudya. Ukwati ndi mawa. Ndikaona kochita kwina. Tsalani bwino.”

Sanakalipe, ndipo chimenecho n'chimene chinandipweteka kwambiri. Galimoto yawo isanatuluke n'komwe pageti, ine ndinali nditazimitsa magetsi a nyumba yonse. Ndinamanga mpango kumphuno, ndinavala majumbo m'manja, ndinatenga mpeni ndi pulayala, n'kulowera kuseri. A Injiniya anali pakampando kawo, akusinza, miyendo ataisanjika pa matumba a mchenga.

“Mlamu, kuno ndinati...”

“Chokanipo.”

Sindinawalankhulepo choncho chibwerereni. Anachoka.

Nditadula waya, lona anatseguka, ndipo ntchentche zobiriwira zinadzuka zonse pamodzi n'kundimenya kumaso. Fungo linandikankha ngati munthu. Mphemvu zinabalalika kukwera khoma, zina kukwera miyendo yanga. Matiresi aja anali atamera chuku chakuda, nkhono zopanda zigoba zitamatirira kunsi kwake. Kapeti inali isanaume n'komwe. Nditaikoka inang'ambika ngati nyama yowola, madzi a suweji n'kumachucha pa zala za kumapazi kwanga.

Koma zimenezo zinali za mvula. Zimene zinali pakati pa kapeti ndi chibokosi zinali za munthu. Mafupa a nkhuku mulu. Mitu ya nsomba. Makoko a mazira, zitini za nyemba zosatsuka, timabotolo ta mowa. Mbale yanga yosakanizira kirimu inali momwemo, itamera ubweya wobiriwira, supuni ili chiimire pakati. Ndiye kuti masana onse aja oyendera ntchito, bambo wamkulu ndi ndevu zake ankadya zakuba kuseri kwa nyumba, zotsala n'kumazikankhira pansi pa lona. Kutsogolo kwa fani, pa kawaya, anali atayanikapo masokosi ndi kabudula wamkati wotuwa, kuti ziziuma ndi mpweya wofunda wa makina anga.

Makoswe sakanakana chakudya ndi nyumba yofunda zoperekedwa pamodzi chonchi. Anali atamanga chisa m'matiresimo. Madzi atakwera, ena anafera momwemo, ndipo ndinawapeza atatupa ngati mabaluni, ubweya ukusosoka. Ana awo ofiira, osaphenya, anali ataunjikana pakona. Pa timapaipi tokwera kukhoma panali tizizindikiro ta mapazi a matope, kulunjika pabowo lolowera m'chipinda changa.

Ndinaimbira amuna anga. “Bwerani.”

“Ndili pa ntchito, amake mwana, kwagwanji?”

“Bwerani muone chimene mwakhala mukupuma.”

Anafika atavala tayi. Anangokhota pakona ya nyumba, n'kuima. Anayang'ana mulu uja, anayang'ana kabudula wa achimwene awo akulendewera pa fani, anayang'ana makoswe. Kenako anagwira mpanda wa aneba n'kusanza zonse za masana, pa nsapato zawo zomwe.

A Injiniya anadikira kuti amalize, n'kuyandikira chibokosi, n'kusisita pamwamba pake ndi chikhatho.

“Koma tagwirani apa, nonse awiri. Pouma. Ngakhale dontho. Ntchito yanga inali yoteteza ku mvula, za makoswe ndi nkhani ina. Makoswe ali paliponse.”

“Achimwene,” anatero amuna anga akupukuta pakamwa ndi tayi, “mafupawa anabwera ndi makoswe?”

“Mwina.”

“Mowawu ankamwa makoswe? Kabudulayu ndi wa khoswe?”

“Iwe, ukulankhula ndi mkulu wako.”

“Ndikudziwa. Tengani fosholo.”

A Injiniya anagwira m'chiuno, ati msana wawo unavulala tsiku la mkuntho lija populumutsa katundu wa anthu osayamika. Anakalowa kuchipinda n'kudzitsekera. Tinawola tokha, ine ndi amuna anga, iwo akupalira ndi fosholo, ine nditagwira thumba nkhope nditatembenuzira kumbali. Keke ya ukwati ndinaiika m'jumbo lakuda yonse yathunthu, ndinamanga mfundo, n'kukaiponya m'bini ya panja. Mbale ija ndinatayanso. Amuna anga anati ingatsukike, ndinangowayang'ana, iwo eni n'kuiponya m'thumba.

Wokonza mafiriji ndi maeyakoni anabwera chakumadzulo. Atatsegula mbali ya mkati ija, anabwerera m'mbuyo n'kutukwana, kenako n'kupepesa. Khoswe anali atapanikizika kuseri kwa kafani kozungulira, wamkulu ngati mwana wa mphaka. Anamugwira mchira ndi pulayala kuti amukoke, mchira n'kutsala m'pulayala. Anachita kumutulutsa zidutswazidutswa, mphutsi zikugwera pa nyuzipepala zimene ndinayala patebulo ngati mvula yowaza. Anatsuka zonse ndi mankhwala, anamata bowo la m'khoma, n'kunena kuti fani yakunja yapsa, abweretsa ina. Nditamupatsa tiyi anayang'ana kapu, anayang'ana chipinda, n'kunena kuti wangodya kumene.

Loweruka m'mamawa wowotcherera anafika. Anakhoma zitsulo pakhoma, anakweza chibokosi kufika m'chifuwa mwa munthu, n'kuika kadenga ka malata pamwamba, m'mbali monse mosatseka. Amuna anga anagumula njerwa zija, anapempha aneba n'kudula nthambi zolendewera. Isanakwane nthawi ya chakudya chamasana zonse zinali zitatha.

A Injiniya anatuluka m'chipinda ntchitoyo ili mkati, atavala suti, zikwama ziwiri m'manja. Anati sangakhale pakhomo pamene mkazi amalamula mwamuna, akupita kwa mayi awo. Amuna anga anati, “Muyende bwino achimwene,” osatsika pa makwerero. Ine ndinawatsegulira geti, poti ntchito imeneyo anatopa nayo kale. Ndinaona kuti chikwama chimodzi akuchinyamula mosamala, chopingasa, koma maganizo anga anali pa zofunda za m'chipinda chija, ngati ndizichape kapena ndizitenthe.

Tsiku lonselo ndinakolopa. Makoma, denga, miyendo ya tebulo, mashelefu. Ndinawiritsa ziwiya zonse zokongoletsera keke. Ndinasamba mpaka khungu kuwawa, koma fungo linali litakhazikika m'mphuno, moti ngakhale sopo ankanunkha khoswe. Nthawi imene ndinadziwa kuti kuukwati kuja akudula keke ya munthu wina, ndinakhala pansi m'khitchini n'kulira pang'ono, kenako ndinadzuka n'kupitiriza.

Lamulungu masana foni yanga inalira. Anali apongozi anga. Ndinapuma kaye, ndikudziwa kuti ayamba zoti magazi ndi magazi, mkulu sathamangitsidwa ngati galu. Koma mawu awo anali okondwa.

“Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Ine ndimati mwakangana, koma munthu wokwiya satumiza mphatso yotere.”

“Mphatso yanji, amayi?”

“Keke imene wabwera nayo mlamu wakoyu. Yaikulu ngati ya ukwati! Yaphwanyika pang'ono m'basi, koma kukoma kwake, iii.”

Ndinayang'ana pawindo. Bini inali chitsegukire, chivundikiro chili pansi.

“Amayi, mwadya?”

“Tadya tonse. Ndagawirako aneba, ana a m'mudadada muno, ndi azimayi anzanga amene anabwera kudzandiona. Aliyense ndamuuza kuti ndi manja a mpongozi wanga, nambala yako ndawapatsa. Koma tandiuza, kokonati wa pamwamba uja umagula kuti? Wofewa bwino, ngakhale ine wopanda mano sanandivute.”

Ndinapita pabalaza, ndinapatsa amuna anga foni ikulankhulabe, ndinati, “Mayi anu.” Kenako ndinathamangira kubafa.